Batani Limene Linathawa pa Sikirini ya a Chikopa

Ana anga, amayi anu akuti mbiri yangayi ndiilembe mwaulemu, ngati munthu wopuma ntchito amene imvi zafika kale m'ndevu. Ndinayesa. Mitu iwiri yoyamba ija ndinailemba nditavala jekete, ndipo pobwereza kuiwerenga ndinayamba kuwodzera ndekha. Mutu uno ndiulemba mmene ndinalili. Pabalaza pali pepala lija la mu fulemu, limene Tadala ali wamng'ono anafunsa kuti ndi satifiketi yanji, ine n'kumuuza kuti ndi ya ukatswiri. Si satifiketi ayi. Ndi kalata ya chenjezo lomaliza, ndipo lero mudziwa mmene ndinaipezera.

Chaka cha matipate

Ndinalowa ntchito ndili ndi zaka khumi, zisanu ndi zinayi, patangopita miyezi yochepa chichitikire chisankho choyamba cha zipani zambiri. Ndinali nditangochoka ku folomu folo, kumene ahedi anandilembera kalata yakuti ndine wanzeru koma nzeruzo ndimathera pa anzanga. Kampani yocheka matabwa a paini pa Phiri la Zomba inanditenga kukhala kalaliki wamng'ono mu ofesi yotulutsa katundu. M'mawa uliwonse ndinkachoka ku Chinamwali wapansi mpaka m'tauni, n'kudikira lole yopanda katundu yokwera phiri. Ikandisiya, ndinkakwera ndekha njira yachidule, kufika pamwamba malaya atanyowa, mano akugundana.

Mkulu wa ofesiyo anali a Chikopa, bambo wamtali, wosaseka wamba, mkulu wa mpingo, amene buku la nyimbo silinkachoka m'thumba la jekete lawo. Ntchito yathu inali imodzi: lole iliyonse yotsika ndi matabwa inkayenera kukhala ndi chiphaso cha pageti, ndipo chiphasocho ankasaina ndi iwo okha. Masiku amenewo tinkalemba m'buku la masamba awiriawiri, pakati n'kuika kaboni. Sabata yanga yoyamba ndinatembenuza kaboniyo chagada. A Chikopa analemba ziphaso mmawa wonse, mwaluso, ndi dzanja lawo lokongola lija, ndipo atatsegula masamba apansi anapeza oyera mbee, zolemba zonse zitadindika kumbuyo kwa ziphaso zimene zinali zitatsika kale phiri. Sanakandinenere kwa manijala. Anandipatsa cholembera, n'kundiuza kuti nditsike ndikapeze malole onsewo m'tauni ndikakopere. Nditabwera madzulo, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Iwe Wayisoni, mutu wakowu ndi wabwino. Koma anauika pa thupi la nyani." Tinakhala limodzi zaka pafupifupi makumi awiri, ndipo maganizo amenewa sanawasinthe.

Zambiri za zaka zimenezo ndinazinena kale: nthawi imene kaboni anasowa tikumalemba chiphaso chimodzi kawiri, zaka ziwiri zimene ananditumiza ku yadi ya m'tauni chifukwa choika chule m'nsapato ya folomani, ndi nyengo ya kusowa kwa dizilo pamene matabwa anaunjikana mpaka kubisa ofesi. Za chule uja sindinapepesebe. Folomaniyo ankadziwa chimene anachita.

Chaka chimene makompyuta anakwera phiri

Akuluakulu a ku Blantyre anaganiza zoti nthambi zonse za kampani zizigwira ntchito mu pulogalamu imodzi ya pa kompyuta. Buku la kaboni analitsekera m'kabati. Tsopano ine ndinkalowetsa nambala ya lole, dzina la dalaivala ndi mtundu wa matabwa pa kompyuta yanga, kenako a Chikopa ankatsegula yawo, kuwerenga zimene ndalemba, n'kudina batani lobiriwira lovomereza limene linali pansi penipeni pa sikirini, kudzanja lamanja. Akatero pulinta inkatulutsa chiphaso. Pa phiri lonse batani limenelo linkaoneka pa dzina lawo lokha. Ngakhale manijala wathu, a Mateyu, analibe, ndipo kuti munthu wina apatsidwe mphamvu imeneyo pankafunika mafomu oyenda milungu ingapo. A Chikopa ankataipa ndi chala chimodzi ngati akupha nyerere. Poweruka ankafunditsa kompyuta chitenje cha akazi awo kuopa chinyontho, ndipo pasiwedi anaimata kunsi kwa kiyibodi, kumene wakuba aliyense amayambira kuyang'ana.

Ine makina aja ndinawakonda tsiku loyamba lomwe, chifukwa ndinaona kuti ndi munda watsopano. Ndinaphunzira mabatani atatu amene ukawadina limodzi, zonse za pa sikirini zimaima chadodolido. Ndinayesera pa kompyuta ya a Mateyu. Iwo, posafuna kufunsa wamng'ono, ananyamula sikirini yonse n'kuitembenuza, kuitsamiritsa pa mafayilo, n'kugwira ntchito choncho mpaka masana. Ndikanapulumuka ndikanapanda kuseka. Imeneyo inali kalata yanga yoyamba ya chenjezo, ndipo a Mateyu anandiuza kuti, "Mukadzakhudzanso kompyuta ya munthu, mudzatsika phiri lino osakweranso."

Chaka chomwecho kunachitika chinthu china chimene sitinaseke. Dalaivala wina wakalekale anamuyeza maso, n'kupezeka kuti saona bwino. Lachisanu lomwelo anamupumitsa ntchito, ndipo mwezi usanathe anali atatuluka m'nyumba ya kampani. Panalibe mwambo wotsanzikana, panalibe ndi fanta yemwe. Tinangoona mbuzi yake ikutsika phiri itamangidwa pamwamba pa matilesi.

Juni, sabata ya chiperoni

Linali Lachiwiri. Chifunga chinali chitatseka moti damu la Mulunguzi silinkaoneka, ndipo malole asanu anali atapakira kale. A Chikopa anavundukula chitenje, kuyatsa kompyuta, kulowa ndi dzina lawo. Patapita kanthawi ndinamva akuti, "Wayisoni, tabwera." Nditayang'ana ndinaona zachilendo. Chilichonse pa sikirini chinali chitanenepa. Zilembo zinali zazikulu ngati za pa bolodi la sitandade wani, mabokosi atakwerana, dzina la dalaivala litalowerera pa nambala ya lole. Pansi, pamene pankakhala batani lobiriwira, panalibe kanthu. Fomu inkangothera m'malere, ngati thalauza limene telala wadula molakwitsa. Ndinayesa kukokera pansi ndi mausi, sizinayende. Ndinazimitsa n'kuyatsanso katatu. Ndinasintha nthambo, ndinabweretsa sikirini yanga n'kulumikiza pa kompyuta yawo, koma batani silinabwere.

A Mateyu atafika anaima kumbuyo kwathu manja ali m'thumba. Munthu ameneyu anakulira m'matabwa, ndipo matenda onse a padziko ankawaona ngati matenda a thabwa. Anayang'ana zilembo zonenepazo, kuyang'ana chifunga pawindo, n'kugwedeza mutu. "Yatupa iyi. Chinyontho. Simukuona chitseko chija mmene chikuvutira kutseka? Bweretsani mbaula." Anthu akuluakulu, a mabanja awo, tinayatsa makala n'kuika mbaula pafupi ndi kompyuta kuti iume. Mlonda wa pageti anabwera kudzaotha nawo, n'kumatiuza kuti akuona ngati zilembo zayamba kuphwa. Tinaiwamba mpaka masana. Ku Blantyre tikaimba foni ankangoti, "Dinani batani lobiriwira," ife n'kumati kulibe, iwo n'kumati lilipo, pakuti pa sikirini yawo likuoneka. Titapempha kuti titsegule kabati tibwerere ku buku la kaboni, anakana, amvekere katundu wotuluka kunja kwa pulogalamu ndi katundu wobedwa.

Lachitatu malole anafika khumi ndi awiri, mzere kutsika mpaka pokhota. Madalaivala anagona m'magalimoto, anadya mabulosi onse a amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, kenako anayamba kubwera pawindo mmodzimmodzi kudzatitchula maina amene sindingalembe m'buku la ana anga. Wina anali ndi matabwa a denga la tchalitchi limene amisiri anali atasasula kale. Tsiku limenelo ndinatulukira nzeru. Ndinaganiza kuti batani silinafe, langobisala kunsi, ndipo pa kiyibodi pali batani lina lolumphitsa kuchoka bokosi ili kupita linalo. Ndinalumpha kasanu ndi kanayi, mumdima, n'kumenya batani la entala. Pulinta inalira! Madalaivala anaimba m'manja panja. Malole atatu anatuluka. Pa yachinayi ndinawerenga molakwa, ndinagwera pa batani lofufuta, ndipo zonse za lole imeneyo zinapita. A Mateyu anandigwira phewa. "Basi, siyani. Komanso ndikufunseni, a Wayisoni. Chinthu chosaoneka, inu mwadziwa bwanji pamene chili? Amadziwa pobisika chinthu ndi amene anachibisa." Ndinalumbira kuti si ine. Ofesi yonse inaseka, ndipo ndinazindikira kuti zaka zonse zija ndinkadzikumbira dzenje ili. A Chikopa okha sanaseke. Ankangoyang'ana sikirini yawo yotupayo.

Lachinayi

Ku Blantyre anatumiza katswiri wa makompyuta, mayi Jafali, mayi wamfupi wa mpango wakuda amene sankataya mawu. Anafika cha m'ma teni, anayang'ana mbaula, n'kuyang'ana a Mateyu. Mlonda anaitulutsa yekha mwakachetechete. Mayiwo anakhala pa mpando wa a Chikopa, kutulutsa dzina la bambowo, n'kulowa ndi lawolawo. Sikirini inabwera bwinobwino, zilembo zing'onozing'ono, chilichonse pamalo pake. Anatulukanso n'kuuza a Chikopa kuti alowe. Yatupanso. Anabwereza kawiri, kenako anati, "Makinawa alibe vuto, pulogalamunso ilibe vuto. Vuto likutsata dzina. Pa dzina ili munthu wina anakuza zilembo. Pulogalamu yathuyi fomu yake siipindika, ndiye zilembo zikakula pa sikirini yaing'ono ngati iyi, zapansi zimagwera kunja." Anatsegula malo ena amene ine, ndi ukatswiri wanga wonse wa zopusa, ndinali ndisanafikeko, anasankha kabokosi kamodzi, n'kuuza a Chikopa kuti atuluke alowenso. Batani lobiriwira linali pompo, kudzanja lamanja, ngati silinachokepo. Ntchito ya masiku atatu, mphindi zosakwana khumi.

Anthu anakuwa, pulinta inayamba kulira, madalaivala anathamangira ku malole. Ine sindinayang'ane batani. Munthu wochita zachipongwe amaphunzira chinthu chimodzi: zinthu zikachitika, usayang'ane chinthucho, yang'ana nkhope za anthu. Ndinaona a Chikopa akukokera mpando kutsogolo, kuwerama, mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, diso limodzi atatsinzina. Ndipo ndinakumbukira kuti akhala akuwerama choncho chaka chathunthu, koma masiku atatu apitawa anakhala mowongoka, msana uli pa mpando, ndipo Lachiwiri lija anandiwerengera nambala ya lole ali patali osaphonya. Tonse tinkafunafuna chimene chasowa pa sikirini. Palibe anafunsa kuti ndani wapezapo kanthu.

A Mateyu analengeza kuti ikakwana thu koloko tikumane mu ofesi yawo, pakuti ku Blantyre akufuna dzina la amene anaimitsa malole masiku atatu. Nthawi ya nkhomaliro ndinawapeza a Chikopa kuseri kwa mulu wa matabwa, atakhala pa chipika, chakudya chawo chosatsegula. Ndinakhala pambali pawo. "Bambo, maso ayamba liti?" Anatulutsa buku la nyimbo, n'kusolola kapepala kopindidwa. Anali malangizo olembedwa ndi bolopeni, sitepe ndi sitepe. Anati Loweruka anapita kwa mayi wina wotaipa makalata ku Chinamwali, kumene palibe amawadziwa, n'kufunsa ngati pali njira yokuzira zilembo. Lolemba poweruka, ine nditatuluka, anatsata kapepalako, kuzimitsa, kufunditsa chitenje. "Lachiwiri nditayatsa ndinaona chilichonse, Wayisoni. Chilichonse. Ndinati Ambuye mwandikumbukira. Kenako ndinayang'ana pansi." Ndinawafunsa chifukwa chimene sanabwezere. Anati kapepalako kanali ka njira yopita yokha, yobwerera sanafunse, ndipo ndi a Mateyu ataima kumbuyo ndi mbaula yawo, akanayambira pati? "Ndi ng'ala, maso onse awiri. Kuchipatala anandilemba, akuti ndidikire madokotala a maso akadzabwera. Yatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume bwinobwino. Sindikufuna kutsika phiri lino ngati mbuzi ya pa matilesi ija." Anapinda kapepala. "Koma thu koloko ndikanena. Sindingalole kuti unamiziridwe. Ndine mkulu wa mpingo."

Ndisakunamizeni kuti ndinaganiza mwachangu. Amayi anu anali ndi pakati pa Yamikani, ndipo mawu a a Mateyu aja, otsika phiri osakweranso, ankalira m'khutu. Ndinayenda mpaka pageti n'kubwerera. Chimene ndinaona n'chakuti a Chikopa akanena zoona, Lachisanu adzakhala atapita, palibe kukambirana. Ine ndikanama, mwina adzandichotsa, mwina ayi, chifukwa a Mateyu ankadziwa kuti pa phiri lonse ndine ndekha wodziwa kuchotsa pepala likakodwa mu pulinta. Komanso bodza limeneli linali losavuta kuligulitsa. Anthu anali ataligula kale ndisanalitulutse.

Thu koloko tinalowa anayi: a Mateyu, mayi Jafali, a Chikopa ndi ine. A Chikopa anatsegula pakamwa, "Bwana, ine ndi..." Ndinawadula. "Ndine, bwana. Pasiwedi ili kunsi kwa kiyibodi, aliyense akudziwa. Ndimafuna ndione ngati mdalayu angadabwe." A Chikopa anaimirira. "Ayi, mwanayu akunama!" Ine n'kuseka, kuseka kwanga kuja kumene kunandipezetsa kalata yoyamba. "Mwaona bwana? Zaka zonsezi amanditchinjiriza. Ngakhale za kaboni sanakuuzeni. Khalani pansi bambo, mwandilera mokwanira." A Mateyu anamenya tebulo. Anandinena kwa mphindi makumi awiri, kuyambira chule mpaka denga la tchalitchi. Ndinawathokoza chifukwa cha mbaula, n'kunena kuti inatithandiza pa kuzizira kuja. Apa mtsempha wa pachipumi pawo unadzuka, ndipo ndinadziwa kuti za a Chikopa zaiwalika.

Mayi Jafali anatsegula kope lawo. Kenako anandifunsa mofatsa, "Achimwene, tandiuzani. Munalowera pati kuti mukuze zilembozo?" Ndinati, "Pajapa, pa zoikamo zija." Anandiyang'ana, kenako anayang'ana a Chikopa, amene ankafufuza chipewa chawo ndi dzanja pamene chinali patsogolo pawo penipeni. Anati, "Chabwino," n'kulemba m'kope mwawo.

Anandiimitsa ntchito milungu iwiri, ndi kalata ya chenjezo lomaliza. Sanandichotse. Nditamva mawu akuti milungu iwiri, ndinatsika phiri lonse wapansi ndikuimba likhweru. Amayi anu sanaimbe nawo. Anandiyankhula tsiku lachitatu, nditawauza zoona zake, ndipo anangoti, "Ndiye kamodzi kokha m'moyo mwanu mwalangidwa musanalakwe. Zikhale za zina zija."

Nditabwerera

Pa tebulo la a Chikopa ndinapeza sikirini yatsopano, yaikulu ngati thireyi ya tiyi. Inabwera pa lole kuchokera ku Blantyre ndi kalata yakuti, malinga ndi lipoti la katswiri, malo ovomerezera ziphaso amafunika sikirini yotakata kuti fomu izioneka yonse. Mayi Jafali anabwera okha kudzailumikiza. Zilembo zinali zazikulu ngati za sitandade wani, ndipo pansi, kudzanja lamanja, batani lobiriwira linali phee, ndi malo otsala. A Mateyu ankauza alendo kuti ndi iwo anaipempha. A Chikopa anali atakhala mowongoka. Sanandipatse moni wapadera. Anangoti, "Wachedwa. Malole atatu akudikira."

Anamaliza miyezi yawo isanu ndi iwiri. Mwambo wotsanzikana unachitikira pabwalo la matabwa, ndi fanta, ndi kwaya ya kumpingo kwawo, ndipo katundu wawo anatsika pa lole ya kampani masana dzuwa likuwala, iwo atakhala kutsogolo. Polankhula anathokoza aliyense ndi dzina. Atafika pa ine anati, "Uyu Wayisoni ndamuyesa zaka zonsezi kuti akhale munthu. Ndalephera." Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Pokwera lole anandipatsa buku lawo la nyimbo m'manja osandiyang'ana. Chaka chotsatira anawachotsa ng'ala, ndipo anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi akuwerenga okha Baibulo la zilembo zing'onozing'ono. Nkhaniyi anandiletsa kuinena iwo ali moyo, ndipo a Mateyu anapita kumanda akukhulupirira kuti ndinali ine.

Ndiye mukadzatsitsa fulemu ija ine kulibe, musadzataye msanga. Mudzatsegule kumbuyo. Kuseri kwa kalata ya chenjezo kuli kapepala kopindidwa kamene ndinakapeza m'buku la nyimbo lija, ka bolopeni, kolongosola njira yopita yokha. M'munsi mwake muli mzere umodzi wa dzanja lokongola lija, zilembo zikuluzikulu zokhotakhota, za munthu wolemba asakuona bwino: "Nyani iwe, zikomo."